Mwana anabadwa bwino, nanga sickle cell inali kuti miyezi yonseyi?

Achemwali mwafunsa kuti mwana wanu anabadwa wonenepa bwinobwino koma atakwana miyezi 7 anayamba kutupa timanja ndi timapazi, kulira usiku wonse, kuchipatala cha boma ku Kasungu kuno atamuyeza anati ndi sickle cell, ndiye mukudabwa kuti matenda obadwa nawo angabisale bwanji, komanso akuchimuna akuti ndi tsempho. Pepani kwambiri mayi, koma si tsempho ayi ndipo palibe walakwa pakati pa inu ndi bambo ake. Nonse awiri muli ndi kambewu ka matendawa m'magazi ngakhale simudwala, mwanayo watenga mbali zonse ziwiri, ndipo pa mimba iliyonse mpata woti zitero ndi umodzi mwa 4.

Tsono za kubisalazo nkhani yake ndi yolimbirana malo pa DNA, yomwe ndi malangizo a m'maselo a thupi amene timatengera kwa makolo. Mwana ali m'mimba amagwiritsa ntchito hemoglobin (chonyamula mpweya m'magazi) yakeyake ya ukhanda, madokotala amati HbF, imeneyi ilibe vuto ndipo imaletsa maselo a magazi kupindika ngati chikwakwa. Yomwe ili ndi vuto ndi hemoglobin ya akulu imene imadzalowa m'malo pambuyo pake. Ma gene (tizigawo ta DNA tokhala ndi malangizo opangira zinthu m'thupi) a zonse ziwirizi ali moyandikana pa chingwe cha DNA chotchedwa chromosome 11. Koma gene simangoyamba yokha kugwira ntchito, pamafunika pulotini ina ikhale pa DNA kutsogolo kwake nkuiyatsa, ndiye ya HbF imayatsidwa ndi pulotini yotchedwa NF-Y, pomwe pali inanso dzina lake BCL11A ntchito yake ndi yozimitsa, ndipo pokhala pawo mpoyandikana kwambiri moti zimavuta kuti onse awiri akwanepo nthawi imodzi. Zili ngati kampando kamodzi kotsala mu minibasi ya ku Lilongwe pa depoti paja, wina akakhalapo mnzakeyo watsala basi. Mwana akabadwa BCL11A imachuluka m'maselo opanga magazi nkumapambana pa malo aja, NF-Y kusowa pokhala, HbF nkumatsika pang'onopang'ono, pofika cha m'miyezi 6 hemoglobin ya akulu ija ndi imene yachuluka ndiye matenda amaonekera. Akatswiri a ku Boston anasonyeza za kulimbiranaku mu 2021, si zakale ayi.

Chomwe chimandikhudza ine ndi choti gene ya HbF ija sinafe, ilipobe yabwinobwino m'thupi mwa mwana wanuyo mpaka kukula, yangozimitsidwa. Alipo anthu ena amabadwa DNA yawo itasintha pang'ono penipeni pomwe BCL11A imakhala, ndiye imalephera kugwira, HbF imakhalabe yambiri moyo wawo wonse, ndipo oterewa akakhala ndi sickle cell sawavuta kwambiri. Apa mpomwe anzeru anaonera njira, chithandizo chotchedwa Casgevy chomwe anachivomereza ku Britain ndi ku America kumapeto kwa 2023 chimachepetsa BCL11A m'maselo opanga magazi kuti HbF ibwerere. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi, zimandiwawa kwambiri poti ana ambiri obadwa ndi matendawa ali kuno ku Africa, koma pano sitingadalire zimenezo.

Chomwe tingafikire ife ndi mankhwala akumwa otchedwa hydroxyurea, nayonso imakweza HbF ndipo ana omwe amamwa ululu umawagwira mwapatalipatali, kuikidwa magazi kumachepanso. Ulendo wotsatira mukafunse a dokotala ngati mwanayo angayambe komanso komwe mungamakaipeze, musakagule nokha chonde chifukwa mlingo wake umatengera kulemera kwa mwana ndipo amafunika kumamuyeza magazi pafupipafupi. Kunyumbako azigona mu neti tsiku lililonse poti malungo kwa mwana wotereyu ndi oopsa zedi, aziyamwa ndi kumwa madzi mokwanira, mu June ndi July muja muzimufunditsa bwino makamaka m'mamawa, katemera asaphonye, ndipo akangotentha thupi kapena m'maso ndi m'manja mwayera, kapena kamimba katupa kumanzere, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku, osadikira kuti kuche kapena kuyamba mwapita kwina. Bambo akewo muwatenge akamve okha kwa a dokotala, ndipo ngati muli ndi ana ena nawonso akayezedwe.