Kwa mdzukulu wa digiri amene akubisa matemba

Mnyamata wina wa ku Chinamwali wanditumizira uthenga wautali, ndiufupikitsa. Anamaliza maphunziro ku Chancellor, digiri ili m'sutikesi, koma ntchito ya mu ofesi sinaoneke. Panopa amakapikula matemba ku Kachulu, doko la nyanja ya Chilwa, n'kumaperekera amayi ogulitsa mumsika wa Zomba, ndipo akuti sagona ndi njala, lendi amalipira yekha. Pavuta ndi apa: bwenzi lake, namwali wa kwa Jali, amadziwa zoti mnyamatayu ali pa ntchito kubungwe lina la zachitukuko, ndipo akanyamuka ulendo wa kunyanja amati akukayendera midzi. Tsopano amalume a namwaliyo atumiza mawu kuti akufuna aone nkhope za ankhoswe. Akufunsa kuti, atenge katapila achititse chinkhoswe chapamwamba kuti bodza lisaululike, kapena azengereze kaye mpaka ntchito yeniyeni itapezeka?

Amuna anga, khala pansi apa. Usaope, sindikupikisana ndi wa kwa Jaliyo, ine mano anatha kale.

Njira ziwiri wandipatsazo zonse n'zophimba bodza, imodzi ndi ngongole, ina ndi nthawi. Ndiye zonse ndazikana. Ndipo mawu akuti "ntchito yeniyeni" andiwawa, chifukwa ine ndakalambira pa mulu wa matemba mumsika womwewo. Malemu agogo ako aamuna anali mesenjala m'maofesi a boma Zomba akadali likulu. Ankavala kakhi wosita mpaka mpeni, njinga yopukuta, ana a m'mudzi akumayimirira akamadutsa. Koma malipirowo ankatha mwezi usanafike pakati. Masiku amenewo ngakhale ku pulayimale kunali fizi, yaulere inayamba mu 1994, ndipo ana anga fizi yawo inkachokera m'kansalu kamene ndinkamanga m'chiuno, konunkha nsomba. Aphunzitsi sanabwezepo ndalama ija kuti ikununkha.

Chaka cha 1975 likulu litasamukira ku Lilongwe, tinaona mtundu wa anthu. Maofesi ambiri anapita, Nyumba ya Malamulo n'kutsala kuno mpaka 1994. Eni nyumba za lendi anakhala ndi zipinda zopanda anthu, atelala a pakhonde anasowa wosokera mathalauza, amayi ophika nsima ya masana miphika inawatsalira. Ena anangokhala pakhonde kudikira kuti mwina boma lisintha maganizo, akumakumbutsa aliyense wodutsa zimene anali kale. Ena anavula jekete n'kuyamba kulima ndiwo m'madimba a Likangala, kapena kutsika ndi nkhuni ndi zipatso kuchokera kuphiri. Patapita zaka, odikira aja ndi amene ankabwera kudzakongola ufa kwa ovula jekete, ndipo ankabwera usiku kuti asaoneke. Manyazi a ntchito sabweretsa ntchito ina, amangosintha nthawi yopempha thandizo.

Tsono ukuganiza kuti ubisa mpaka liti? Zomba ndi tauni yaing'ono, mdzukulu wanga. Amayi amene umawaperekera matembawo ali ndi abale ku Songani, ku Thondwe, kwa Jali komweko, ndipo msika umayendetsa nkhani kuposa wailesi. Mwinanso amalumewo anamva kale, ndipo akuitanitsa ankhoswe kuti aone ngati pakamwa pako patuluke zoona. Akuluakulu timachita zimenezo: timafunsa funso limene yankho lake tikulidziwa, n'kuzyolika ngati tikusinza. Komanso ukumbuke kuti kuno ukwati ndi wa chikamwini. Ngakhale mudzakhale m'tauni, kwa mkazi ndi kumene uzidzagona pa maliro, pa chiliza, pa nthawi yokolola, ndipo kumeneko apongozi amaona mkamwini ndi maso a kumbali tsiku lonse. Amaona wadzuka nthawi yanji, khasu waligwira bwanji, mwana wa mlamu wako akalira watani. Mkamwini wosauka amamusekako pang'ono n'kumuzolowera. Mkamwini wabodza amamupatsa dzina, ndipo dzinalo limafika mpaka kwa ana ake.

Woyamba kumuuza ndi namwaliyo, osati pa foni, osatinso pa uthenga wa WhatsApp wokhala ndi timitima. Mupeze masana, mukhale poonekera, umuuze kuti kubungwe kulibe dzina lako, ndiwe wa matemba, ndipo unanama chifukwa unkaopa kuti akukana. Akwiya, ndipo ali ndi chifukwa. Usamuyankhe kuti "ndinachitira chikondi", mawu amenewo amuna anawatha ntchito kalekale. Mulole akwiye masiku ake. Akabwerera n'kukufunsa kuti dengu limodzi umapindula zingati, ameneyo ndi mkazi, gwiritsa. Akanena kuti iye wa nsomba sangamuonetse kwa anzake, lira usiku umodzi, m'mawa upite ku Kachulu. Wadziwa pa mtengo wotsika chinthu chimene ena amachidziwa atabereka ana atatu.

Ukatero upite kwa amalume ako, mwini mbumba wa kwanu, ndi kankhuku m'manja. Iwowo ndi amene akakuyimire. Usalembe ganyu munthu wa ku tchalitchi kapena mnzako wa ndevu kuti akakhale nkhoswe chifukwa ali ndi suti, monga ndamva kuti achinyamata ena akuchitira m'matauni. Nkhoswe si wa tsiku limodzi. Ndi amene adzagogodedwe pakati pa usiku mukadzayambana, ndi amene adzathamange mwana akadzadwala, ndi amene adzayankhule pa maliro. Wa ganyu tsiku limenelo foni yake imakhala yozima. Ndipo amalume ako uwauze zonse, kuti akafika kwa Jali akafunsidwa kuti mwana wanuyu amadya chiyani, asakachite chibwibwi pamaso pa eni mbeta.

Za katapila ndiye usandiyambe. Utenga K200,000, mwezi ukatha mwini wake akufuna K300,000, ndipo wakusungira chiphaso kapena foni ngati chikole. Ukalephera, chiwongoladzanja chimaberekanso chinzake. Ndalama yake iti? Kwacha yomweyi imene mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, mitengo ya sopo ndi shuga n'kuuluka? Ungathe mpamba wako wonse chifukwa cha matenti, zokuzira mawu ndi mayunifolomu a anthu ovina amene mawa sadzakupatsa moni. Anthu obwera pa chinkhoswe amadya mpunga, amafupa timakwacha tawo, pobwerera akunena kuti nyama inachepa. Uwonjeze nyama, adzati mchere unachuluka. Munthu ndi wotero, ndipo inenso ndanenapo zotero pobwerera ku zinkhoswe za eni.

Chinkhoswe chenicheni chimakwana pa mphasa ziwiri. Akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi thadzi, ankhoswe n'kusinthana pamaso pa anthu. Mwamuna amalandira khasu, nkhwangwa ndi chikwanje, mkazi lichero, mthiko ndi chipande. Taona zinthu zimenezo: palibe ndi chimodzi chomwe chokongoletsa nyumba, zonse n'zogwirira ntchito. Makolo ankati awiriwa tawalola, tsopano akatuluke thukuta. Iwe thukuta ukutulutsa kale, chokubisitsa nkhope n'chiyani?

Koma ndisakunamize kuti matemba ndi mgodi. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imangodalira mvula ndi mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe. Mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 anthu ankapita ku chilumba cha Chisi mabwato atagona pa matope ong'aluka. Nthawi zoterezo matemba, makumba ndi milamba zimasowa, ndipo amene ankadalira nyanja yokha amagulitsa maukonde ndi mbuzi. Ngakhale chaka chabwino pali miyezi ya dzinja imene nyanja amaitseka kuti nsomba ziswane. Apa ndi pamene sukulu yako igwire ntchito. Ife tinkawerengera pa zala n'kusunga ndalama m'chitini, moti sitinkadziwa ngati tapindula kapena tangozungulira. Iwe gula kope, uzilemba zolowa ndi zotuluka, ya thiransipoti payokha, ya msonkho wa mumsika payokha, yodya payokha. Nyengo yokolola upikuleko mpunga wa ku Domasi usunge, kuti nyanja ikakwiya ukhale ndi pogwira. Makalata ofunsira ntchito uzitumizabe, sindikukuletsa. Ikadzapezeka uilandire, koma geni usaitaye, umusiyire mkazi wako kapena mng'ono wako. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Palinso mtsikana wa ku Matawale amene wandilembera zofananako, ndimuyankhe pomwepa. Bwenzi lake lili ku Joni, limatumiza ndalama mwezi ndi mwezi osaphonya, koma akangotchula za ankhoswe, mnyamatayo amati tidikire ndipeze kaye mapepala. Akufunsa ngati adikirebe, poti anzake akumuchitira kaduka kuti anapata.

Mwana wanga, za ku Joni si zatsopano kwa ife. Amuna ankapita ku migodi pa Wenela mpaka 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown ndi anthu athu obwerera kumudzi, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Ambiri ankabwera ndi njinga, wailesi ndi mabulangete. Ena anatchona, akazi awo n'kukalamba akuyang'ana kumsewu. Koma amenewo anali akazi a ukwati, ankhoswe analipo, ndipo mwamuna akasowa mkazi ankadziwa khomo lokagogoda. Iwe ukagogoda kwa ndani? Ndalama ya pa foni ilibe amalume.

Chinkhoswe sichidikira pasipoti. Mwamuna ali kutali, abale ake amatha kubwera kudzaonekera kwanu, nkhani n'kumangika mwini wake adzapeza zatha. Ndiye usamufunsenso kuti ubwera liti. Mufunse dzina la amalume ake, mudzi wawo ndi mfumu yawo, ndipo umuuze kuti amalume ako akufuna alankhule nawo mwezi uno usanathe. Akakupatsa, utengere amalume ako tsiku lomwelo. Akayamba za netiweki, ndalama zimene akutumizazo usagulirenso mawigi. Lowa nazo banki m'khonde kapena ulipirire kosi ya zosoka, m'dzina lako, ndipo amayi ako adziwe kumene zikuchokera.