Achimwene a ku Zomba, transifoma imeneyo musaichotse

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mbale wina wa ku Zomba. Akuti ampulifaya ya Pioneer imene malemu bambo awo anasiya ikung'ung'udza m'masipika ngakhale voliyumu ili pansi, ndipo wokonza wina wawauza kuti achotse mbali yonse ya magetsi n'kuikamo kabokosi konga chaja ya laputopu. Akufunsa ngati avomere.

Achimwene, musavomere. Imelo yanu yandikumbutsa chilonda changa.

Kwathu tinali ndi ampulifaya ya Sansui imene malume anabwera nayo kuchokera ku Joni. Ukwati, chinkhoswe, Khirisimasi, anthu a mu layini yathu ankabwereka imeneyo. Malume atatisiya, inakhala m'katoni kunsi kwa bedi zaka zambirimbiri. Tsiku lina ndinaitulutsa, ndinapukuta fumbi, n'kuilumikiza kukhoma. Fyuzi inapsa pompo. Ndinapita nayo kwa wokonza mawailesi wina pamsika, iye n'kukulunga kawaya pa fyuzi yakufayo, amvekere yatheka. Titayatsa, sipanathe mphindi ziwiri, fungo la vanishi wopserera linadzaza kashopu konse. Transifoma inali itapsa. Ndinabwerera kunyumba nditainyamula pa phewa, kukhosi kuli gwa. Vuto lenileni linali kapasita imodzi (kachitini kosunga magetsi) imene inachita shoti, ndipo fyuzi ija inkagwira ntchito yake bwino lomwe. Munthu womanga waya pa fyuzi sindimupatsanso chinthu changa, ngakhale tochi.

Kapasita mumagula. Transifoma yofanana ndi ya fakitale, mudzaifuna mpaka nsapato kutha.

Mmene zimayendera ndi chonchi. Magetsi a kukhoma kuno ndi 230V, 50Hz. Transifoma imawatsitsa, madayodi amawawongola kuti aziyenda mbali imodzi, koma amatulukabe modumphadumpha, ka 100 pa sekondi. Makapasita awiri akuluakulu a mu ampulifaya ali ngati thanki la madzi: amasunga, n'kumatulutsa mosadukiza. M'kati mwake muli timadzi timene timauma ndi zaka. Tikauma, kudumpha kuja kumafika ku sipika, ndiye kung'ung'udza mukumvako. Kutentha ndiye mdani wake, chifukwa kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita umachepa pafupifupi ndi theka. Ndiye taganizani mwezi wa October, nyumba ya malata, ampulifaya itafunditsidwa kansalu koluka kuti ioneke bwino pabalaza, tizibowo topumira titatsekeka, m'kati mphemvu zitamanga mudzi. Amayi athu nsaluzo amaika mwa chikondi, komabe zichotseni.

Za kabokosi kaja ndikukana ndi mtima wonse. Maampulifaya ambiri a nthawi imeneyo amadya magetsi a mbali ziwiri, pulasi ndi mainasi, pakati pali ziro. Chaja ya laputopu imapereka mbali imodzi yokha. Komanso totchipa tambiri timalowetsa kaphokoso koswa makutu m'nyimbo. Wokonza amene akuthamangira kuchotsa transifoma yamoyo, mumufunse kuti akaichotsa ipita kuti, poti m'kati mwake muli kopa.

Ndisanaiwale, onani kaye mavolti olembedwa kumbuyo kwa ampulifayayo. Zida zopangira msika wa ku Japan ndi za 100V, za ku America ndi 120V. Zina zili ndi kaswichi kosankhira, ndipo ana amakaseweretsa.

Zoti muchite

Zulani pulagi kukhoma. Makapasita amasunga moto ngakhale mwazimitsa, choncho atsitseni ndi rezisita (kachipangizo kodutsitsa magetsi pang'onopang'ono), osati sikuludiraiva, kenako yezani ndi mita mpaka afike pafupi ndi ziro. Jambulani ndi foni musanamasule chilichonse. Sinthani makapasita awiri aja: atsopano akhale a uF (nambala ya kuchuluka kwa magetsi amene amasunga) yofanana, mavolti ofanana kapena oposa, ndipo ndimakonda olembedwa 105°C kusiyana ndi 85°C. A makampani a Nichicon, Panasonic ndi Rubycon ndi abwino, koma achinyengo aliponso: chitini chachikulu, m'kati kakapasita kakang'ono. Ikapepuka modabwitsa m'manja, isiyeni. Mzere wosonyeza mainasi pa kapasita musausemphanitse, imaphulika. Yezaninso madayodi, ndipo fyuzi ikhale ya nambala imene yalembedwa pamenepo.

Poyatsa koyamba, chotsani masipika ndipo magetsi adutse kaye mu babu la 60W lakale lija la kawaya m'kati, osati LED. Likawala n'kuzirala, zili bwino. Likangowalabe kwambiri, shoti ikadalipo, zimitsani. Babu limeneli likanapulumutsa Sansui ya malume.

Ngati simunagwirepo magetsi a kukhoma, pitani nayo kwa wokonza wina, ndipo mukaime pomwepo akamatsegula. Nditumizireni chithunzi cha makapasitawo ndi cha kumbuyo kwa ampulifayayo, ndikuuzani oti mugule.