Akuti mapu sadyedwa: kuyankha mtsikana amene wasankhidwa kukaphunzira Geography

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mtsikana wina amene wasankhidwa kukaphunzira Geography ku yunivesite. Mtima wake uli pa mapu ndi GIS (luso lojambula ndi kusanthula mapu pa kompyuta), koma bambo ake amuuza kuti mapu sadyedwa, ndiye akufunsa ngati asinthe kosi. Usiku umenewo tulo tinandivuta, chifukwa mawu amenewa ndinawamvapo ndi makutu angawa.

Iwe mng'ono wanga, amene anandiuza ine mawuwa anali amalume. Tinakhala pakhonde, kalata yondiitana ku koleji ili m'manja mwawo, ndipo anandifunsa kuti, "Ndiye tigulitse mbuzi kuti ukaloweze mayina a mitsinje?" Sindiwaimba mlandu mpaka lero. Geography imene ankaidziwa inali yoloweza kuti Sapitwa ndi mamita 3,002 ndi kuti Shire amakathira mu Zambezi. Munthu amene walipirira fizi ana a mlongo wake ndi ndalama ya thonje ali ndi ufulu wofunsa chimene chidzabwerere pakhomo. Mbuzi zinagulitsidwa ndithu, koma chaka chonse choyamba sanandifunsepo za sukulu.

Ku koleji ndinapeza zina. Miyala, nyengo, chiwerengero cha anthu, masamu ambiri kuposa amene ndinkayembekeza. Tinkawerama pa mapu a 1:50,000, pomwe sentimita imodzi ndi mamita 500 pansi, mpaka mizere ya kukwera kwa malo inayamba kuoneka ngati mapiri enieni m'maso mwanga. Za GIS zinabwera mochedwa, makompyuta ochepa, anayi kapena asanu pa imodzi, magetsi akathima phunziro lathera pomwepo. Kunena zoona, ndinatuluka ndi digiri koma manja anga anali asanazolowere ntchito.

Zinaonekera pa ntchito yanga yoyamba. Bungwe lina linanditenga kukalemba mijigo ku chigwa cha Shire. Masabata atatu ndikuyenda ndi GPS dzuwa likuswa mtengo. Nditaika mijigoyo pa mapu akale, ina inagwera mumtsinje, ina pakati pa dambo. Masiku awiri ndinali ndi mantha, kuganiza kuti ndawononga ndalama za anthu. Anandipulumutsa ndi bambo wina wachikulire woyeza malo, amene anangondifunsa kuti GPS yanga ili pa datum iti, kutanthauza maziko amene malo amayezedwera pa mapu. Inali pa WGS 84, pomwe mapu akalewo anajambulidwa pa Arc 1950, ndipo kuno kwathu ziwirizi zimasiyana ndi mamita pafupifupi 300. Mamita 300 ndi munda wa mayi wamasiye kulowa m'malire a mnzake. Ndi manda kugwera m'puloti yogulitsidwa. Pano lamulo la malo a makolo la 2016 likulola mabanja kulembetsa minda yawo, ndiye taganiza zimene wolemba malire wosadziwa izi angawachite anthu.

Komweko ndi kumene ndinaphunzira chinthu chimene palibe lekichala anandiuza. Madzi osefukira a Januwale 2015 atapita, agogo ena anandigwira dzanja n'kupita nane pa mlambe kukandionetsa pamene madzi anafika, kenako anandilozera njira imene madzi amadutsa kuyambira ali mtsikana. Chithunzi cha setilaiti chimene ndinali nacho chinali ndi mitambo yokhayokha masiku a mvulawo. Mapu abwino kwambiri amene ndinajambulapo anachokera pakamwa pa agogo amenewa. N'chifukwa chake ndimakwiya ndikaona munthu akujambula mapu a mudzi umene sanapondeko, atakhala mu ofesi ku Lilongwe, n'kupaka mitundu yokongola. Mapu otero ndi oopsa kuposa kusowa mapu, chifukwa akuluakulu amawakhulupirira n'kumangira pomwepo sukulu.

Ndipo amene amati mapu sadyedwa akumbukire Malichi 2023. Namondwe wa Freddy anagwetsa napolo kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse omwalira ndi osowa anaposa 1,000. Funso la malo amene ndi otsetsereka kwambiri moti pasamangidwe nyumba, la kumene madzi adzathamangire, la msewu umene ambulansi ingadutse mlatho ukakokoloka, onsewa ndi mafunso a Geography. Chimodzimodzi kolera ya 2022 ndi 2023. Kale mu 1854 dokotala John Snow ku London anaika pa mapu nyumba za omwalira ndi kolera, n'kuona kuti zaunjikana mozungulira mjigo umodzi wa mu Broad Street. Ntchito imeneyo sinathe, ikufunikabe ku Ndirande ndi ku Mtandire.

Palinso china chimene chimandikhudza. Mapu a atsamunda ankati Port Herald, Fort Johnston, Cholo, Mlanje. Ife timati Nsanje, Mangochi, Thyolo, Mulanje. Ngakhale mkangano wathu ndi Tanzania pa nyanja umabwerera ku pangano la Britain ndi Germany la 1890, mzere wolembedwa ndi anthu akutali. Wogwira cholembera pa mapu ndiye amatcha dzina, ndipo ine ndikufuna atsikana akwathu ambiri achigwire.

Nanga ntchito ilipo?

Sindikunamiza. Ntchito zolembedwa kuti GIS ndi zochepa, zambiri ndi za makontirakiti a mapulojekiti, ndipo anzanga ambiri ali m'kalasi kuphunzitsa, ntchito imene ndimailemekeza. Koma makhonsolo, nthambi ya boma yoyeza malo, mabungwe a madzi, a nkhalango, a zaumoyo ndi ofesi ya kalembera ku Zomba onse amagwiritsa ntchito mapu, ndipo amatenga munthu amene angaonetse zimene anapanga ndi manja ake.

Ndiye usasinthe kosi, koma usadikire kalasi ya GIS. Pezako laputopu ngakhale yakale, ikamo QGIS, pulogalamu yojambulira mapu, ndi yaulere. Yamba kujambula mudzi wanu pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene aliyense angathe kuwonjezerapo. Zithunzi za masetilaiti a Sentinel-2 ndi Landsat n'zaulerenso, bandulo yokha. Usathawe masamu, ndipo phunzira pang'onopang'ono Excel ndi Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta. Ngati cholinga chako ndi kuyeza malire a malo mwalamulo, imeneyo ndi kosi ina ya Land Surveying ngati ya ku MUBAS kapena Mzuni, funsa msanga. Za madroni, African Drone and Data Academy inatsegulidwa mu 2020, uzitchera khutu akamaitana ophunzira.

Bambo ako usalimbane nawo pakamwa. Pa holide yoyamba tenga foni, muyende limodzi m'malire a munda wawo, iwo akulozere mitengo ndi zulu, iwe udzawapatse pepala loonetsa mundawo ndi maekala ake. Amalume anga ndinawachitira zomwezo, ndipo pepalalo analisunga m'Baibulo mpaka tsiku limene anatisiya.