Quartz kapena granite? Yambani mwaona kaphikidwe ka pakhomo panu

Achemwali, mwafunsa ngati muike quartz pamwamba pa makabati a khitchini imene mukukonzetsayo, kapena mungotenga granite, mwala wachilengedwe wosemedwa m'phiri, monga akukuuzirani amisiri. Mwati mumaphikira gasi, nthawi zina mbaula, ndipo sinki ili pazenera lalikulu lolowa dzuwa. Quartz ndi yokongola ndithu, koma kwa inuyo ndikanatenga granite, makamaka mbali ya chitofu.

Ambiri amaganiza kuti quartz ndi mwala wosemedwa m'phiri. Ayi, ndi yopanga kufakitale. Amapera miyala ya quartz, pafupifupi 90 peresenti, n'kusakaniza ndi guluu wa resin ndi utoto, kenako makina amapanikiza. Luso limeneli linachokera ku kampani ya Breton ya ku Italy, ndipo mayina amene mumawamva monga Caesarstone ya ku Israel ndi Silestone ya ku Spain ndi a mtundu womwewu. Guluuyo amatseka timabowo tonse, ndiye mafuta, tiyi kapena msuzi wa tomato sizilowa, mumangopukuta basi. Simuvutikanso ndi kupaka sealer, mankhwala otseka timabowo ta mwala, monga zimakhalira ndi granite ya mtundu woyererako.

Koma guluu yemweyo ndi amene amaopa moto. Kutentha kukafika cha m'ma 150°C amayamba kupsa. Tsono taganizirani mmene timaphikira nsima. Yapsa, mwaphula poto, mwamukhazika pomwepo pa top, pamwamba pa makabati paja, kuti muyambe kuomola isanazizire. Mukamadzamunyamula mupeza chizindikiro chozungulira chachikasu, ndipo chimenecho si litsiro loti n'kukwecha, ndi guluu wopserera. Nthawi zina pamachita mng'alu. Inu mukhoza kumakumbukira kuyala kathabwa, nanga ana? Nanga mlendo wobwera kudzakuthandizani pa chinkhoswe? Za mbaula ndiye musayerekeze n'komwe kuiika pamenepo, ngakhale kunja kukugwa mvula.

Dzuwa nalonso silimvana ndi quartz wamba. Yoyera imayamba chikasu pakapita zaka, yakuda imasuluka. Pazenera katani akhoza kuthandiza, koma amene akumanga khitchini yapanja kapena yapakhonde aiwale za quartz.

Granite imapirira zonsezi, ndipo sitiisowa m'chigawo chathu chino. Yakuda bii ya ku Mutoko ku Zimbabwe imatumizidwa mpaka ku Ulaya, ya Rustenburg ya ku South Africa nayo ndi yodziwika. Yakudayo vuto lake n'lakuti imaonetsa kafumbi kalikonse ndi madontho a madzi ouma, nyengo ya Okutobala mudzapukuta mpaka kutopa.

Pali nkhani ina imene ogulitsa sakonda kuitchula. Fumbi lotuluka podula quartz ndi loopsa kwambiri, limayambitsa matenda a m'mapapo otchedwa silicosis, amene alibe mankhwala ochiza. Ku Australia amisiri ambiri, ena achinyamata, anadwala mpaka boma linaletsa miyala yopanga yotereyi kuyambira pa 1 Julaye 2024. Ikaikidwa m'nyumba siikuvulazani inu wophika, ngozi ili pa wodulayo. Ndiye mmisiri akabwera ndi grinder kuti aboole malo a sinki m'khitchini mwanu momwemo, mouma, atangomanga kansalu pamphuno, mukanizeni. Adulire ku shopu kwawo, akuthira madzi, atavala masiki yeniyeni ya fumbi. Granite nayo ili ndi fumbi lomwelo ngakhale locheperako, choncho lamulo ndi limodzimodzi.

Ngati mtima wanu uli pa quartz basi, poti maonekedwe oyera aja amakopa, pemphani kachidutswa mupite nako kunyumba. Kaikeni pazenerapo, kadonthezereni mafuta ndi curry, kagone usiku wonse, m'mawa mupukute muone. Zina zotchipa zopanda dzina zimagwa pamayeso amenewa. Funsaninso dzina la kampani yopanga ndi pepala la waranti, chifukwa mawu oti "ndi yakunja iyi mayi" satanthauza kanthu.

Quartz yokhuthala 20mm ndi yokwanira pakhomo, koma dziwani kuti imalemera pafupifupi makilogalamu 50 pa sikweya mita. Makabati a chipboard amene anafufuma kale ndi madzi pansi pa sinki sangaisenze. Yambani mwakonza amenewo, ndipo ayezedwe ndi levulo, chifukwa top ikakhala mopendekera imasweka pa joyinti. Joyintiyo isakhale pa sinki kapena pa chitofu, ndipo ngodya za bowo la sinki zikhale zozungulira pang'ono, osati zosongoka, poti mng'alu umayambira pamenepo. Slab imodzi, kutanthauza chithabwa chathunthu cha quartz, imatalika pafupifupi mamita 3, ndiye ngati akulipiritsani yathunthu, zotsala ndi zanu, zimakwana kashelefu kapena top ya kubafa.

Pa kutsuka, sopo wa mbale ndi kansalu kofewa n'zokwanira. Caustic soda, thinner ndi waya wokwechera mapoto zimachotsa kuwala kwake. Mafupa a mbuzi kaduleni panja pa chipika monga mwa kale, m'mphepete mwa quartz mumabenthuka ndi chikwanje kamodzi kokha.