Alamu ya livesi pa lole: mugule iti, muimange pati?

Ndili ndi malole awiri otenga mbatatesi ku Tsangano ndi ku Ulongwe kupita nazo mumzinda wa Tete. Pamsika anthu amangodutsa kumbuyo dalaivala akubwerera. Ndigule alamu yolira kuposa zonse?

Ayi bambo, musayambire pa kukula kwa phokoso. Yambani mwadzifunsa kuti loleyo imagwira ntchito malo otani. Pabokosi la alamu pamalembedwa nambala ya dB, muyeso wa kukula kwa phokoso, ndipo zopezeka kawirikawiri ndi 87, 97, 102, 107 ndi 112. Nambalazi zimaoneka zoyandikana, koma pakawonjezereka 10 dB khutu limamva ngati phokoso lakula kawiri. Ya 107 kapena 112 ndi ya makina a m'migodi ya malasha ku Moatize, kumene injini zikuluzikulu zimabangula tsiku lonse. Mukaiika pa lole yotsitsa matumba pamsika, imagonthetsa anyamata onyamula katundu amene aima pafupi nayo, ndipo posakhalitsa wina adula waya kuti apumule. Kwa inu ya 97 ikwanira, mwina 102 ngati mumalowa m'malo a phokoso.

Chimene ndikufuna muganizire kwambiri ndi kaliridwe kake. Pali ya "pii, pii, pii" imene tonse tinaizolowera, ndiye pali ya "shii, shii" yomveka ngati mpweya ukutuluka m'tayala. Yoyambayo phokoso lake limagunda makoma ndi malata n'kubwerera, choncho munthu amamva kuti pena pake lole ikubwerera koma sadziwa kuti ili mbali iti. Imamvekanso kutali kwa anthu amene sizikuwakhudza, mpaka onse amaleka kuilabadira. Ya "shii" khutu limaloza msanga kumene ikuchokera, ndipo phokoso lake limathera pafupi. Mayi wosenza dengu mwana ali kumsana alibe mpata wotembenuka uku ndi uku kufunafuna lole. Ayenera kudziwa nthawi yomweyo kothawira. N'chifukwa chake pamsika ine ndimasankha ya "shii", ngakhale mtengo wake ndi wokwererapo. Ziliponso zodzisintha zokha: zimamvera phokoso la pamalopo n'kulira mopitirira pang'ono, 5 mpaka 10 dB. Zimenezi zimathandiza lole imene masana ili pamsika, usiku ikulowa pakati pa nyumba za anthu.

Ndinagula alamu, inalira kanthawi kochepa n'kuzima. Inali yabodza?

Mwina, koma onani kaye mphamvu ya magetsi. Chapa (minibasi) ndi pikapu zimayendera mavoti 12 (12V), pamene malole ambiri aakulu ndi a 24V, ndipo injini ikamalira magetsi amafika cha m'ma 28V. Alamu ya 12V yokha siingapirire pamenepo. Gulani yolembedwa 12-24V kapena 12-48V.

Chachiwiri ndi madzi ndi fumbi. Funani yolembedwa IP67 kapena IP68, zizindikiro zosonyeza kuti siilowa fumbi ndi madzi, ndipo ngati mumatsuka lole ndi makina opopera madzi mwamphamvu, IP69K. Poimanga, pakamwa pake paloze kumbuyo mopendekera pansi pang'ono kuti madzi asakhalemo. Isakhale pamene matayala amaponyera matope, kapena pafupi ndi paipi ya utsi. Kutentha kwa kuno ku chigwa cha Zambezi mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, musakuwonjezerenso moto wina.

Hosi yanga (mutu wa lole) imakoka ngolo kuchokera ku Beira kudutsa pa Zóbuè kulowa m'Malawi. Alamu ili pa hosi, koma wothandizira akuti kumbuyo siimveka bwino.

Akunena zoona achimwene, mumumvere. Phokoso limatsika ndi 6 dB nthawi iliyonse pamene mtunda wawirikiza. Alamu ya 97 pa mita imodzi imakhala 85 pa mamita 4, ndipo pa mamita 16 yatsala 73. Ngolo yanu ndi yaitali mamita opitirira 12, komanso thupi lake limatchinga phokoso, pamene munthu amene angapondedwe ali kumapeto kwenikweni. Alamu imangidwe pa chitsulo chomaliza cha ngolo, pafupi ndi magetsi a kumbuyo.

Vuto limene amakumana nalo ambiri ndi lakuti kumeneko sikufika magetsi a livesi. Pa zingwe ziwiri za mapini 7 zolumikiza hosi ndi ngolo, chotchedwa 24N chilibe waya wa livesi. Wayayo ali pa chinacho, chotchedwa 24S, pini 3. Ngolo zambiri zakale zimayenda ndi chingwe chimodzi chokha. Yatsani kiyi injini ili chozima, mangani handibuleki, lowetsani giya ya livesi, kenaka yesani pini imeneyo ndi mita yoyezera magetsi kapena babu loyesera. Ngati palibe kanthu, pitani ku switchi ya livesi imene ili pa giyabokosi ndi ku fyuzi yake. Waya wa negativu mumange pa chitsulo chopalidwa bwino, chopanda dzimbiri kapena penti, chifukwa alamu yolira modukizadukiza nthawi zambiri vuto lake limakhala pomwepo. Pa malole atsopano amene kompyuta imayang'anira mababu, musangolumikiza pa waya wa getsi. Dutsitsani pa rileyi (switchi yodziyatsa yokha magetsi akafika), apo ayi padashibodi pangayambe kuonekera chenjezo.

Ndingaike switchi yoizimitsira usiku?

Switchi wamba ndimakana, chifukwa dalaivala akazimitsa usiku m'mawa saikumbukira. Ngati anansi akudandaula, gulani yodzisintha ija, kapena yokhala ndi batani lochepetsa phokoso limene limabwerera pakale lokha mukachotsa giya ya livesi. Ndipo alamu ikhalepo kapena ayi, pamsika ndi pa mzere wa malole pa malire wothandizira atsike, aime pambali pamene dalaivala akumuona pagalasi, osati kumbuyo kwenikweni. Akangosowa pagalasi, dalaivala aponde buleki.