Bondo lasiya kupweteka, koma mtsempha sunakhwime

Mnyamata wina wosewera mpira wamiyendo watilembera pa imelo. Anaduka mtsempha wa ACL, womwe uli m'kati mwa bondo, ndipo anamuchita opaleshoni miyezi isanu yapitayo. Ululu unatha, akuthamanga bwinobwino, ndipo mphunzitsi akumufuna m'chigawo chachiwiri cha ligi. Akufunsa ngati angalowe m'bwalo.

Achimwene, musalowe. Kutha kwa ululu kwapusitsa osewera ambiri.

Kumbukirani zomwe dokotala anachita. Mtsempha wodukawo sanausoke. Anatenga wina m'thupi lanu lomwelo, kuseri kwa ntchafu kapena kutsogolo kwa bondo, n'kuboola mafupa awiri, n'kuulowetsa m'mabowomo. Mtsempha wobwerekawu umayamba wafooka, makamaka pakati pa sabata 6 ndi 12, kenako magazi amayamba kufikamo n'kumakhwima pang'onopang'ono kwa chaka kapena kupitirira. Pa miyezi isanu umapirira kuthamanga molunjika. Chomwe sungapirire ndi phazi kumatirira pansi, thupi n'kupotoka pochenya kapena potera mutadumphira mpira wamutu. Mitsempha yambiri ya ACL imaduka motero, popanda ngakhale wokupondani.

Kafukufuku wa ku Delaware (America) ndi Oslo (Norway) wa 2016 anapeza kuti mwezi uliwonse womwe wosewera wadikira, mpaka kufika mwezi wa 9, unkachepetsa ndi theka mwayi wovulalanso bondo. N'chifukwa chake miyezi 9 timaitenga ngati poyambira kukambirana. Virgil van Dijk anavulala mu Okutobala 2020 pa masewero a Liverpool ndi Everton, anakana kupita ku Euro, mpikisano wa mayiko a ku Ulaya, ndi timu ya dziko lake, ndipo mu ligi anabwerera mu Ogasiti 2021. Ameneyo anali ndi mafiziyo, akatswiri othandiza ovulala kuchira kudzera m'zolimbitsa thupi, omuyang'anira tsiku ndi tsiku.

Kalendala payokha siyokwanira. Bondo liyesedwe, ndipo zina mungayambe lero. Gonani chagada, ikani chidendene pa pilo: bondolo liwongoke mofanana ndi linzake. Likamatsala pang'ono, kapena likamagwira ngati muli kamwala, kaonaneni ndi dokotala, chifukwa nthawi zina chipsera chimaundana kutsogolo kwa mtsempha watsopanowo ndipo chimafunika kuchotsa. Kenako onani kutupa m'mawa wotsatira mutachita zolimbitsa thupi. Bondo likadzaza madzi, mwalipatsa ntchito yoposa msinkhu wake. Bwererani pa zomwe munkachita sabata yatha.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa nyama ya kutsogolo kwa ntchafu. Bondo likatupa, ubongo umaleka kuilamula mokwanira, imaphwa, ndipo mwendo wabwino umayamba kugwira ntchito ya miyendo iwiri inu osadziwa. Kuthamanga sikubwezeretsa nyamayi, pamafunika zitsulo, kawiri kapena katatu pa sabata. Ngati makina oyezera mphamvu kulibe, gwiritsani leg press kapena leg extension ya ku jimu, mwendo umodziumodzi. Wabwino ukakankha makilogalamu 100, wovulalawo ufike 90 kapena kuposa. Chitaninso chimodzimodzi podumpha ndi mwendo umodzi: kamodzi, katatu motsatizana, katatu modutsadutsa mzere, ndi kudumpha mamita 6 pa wotchi. Paliponse mufike 90 pa 100. Chenjerani apa: mwendo wabwinowo nawonso wafooka m'miyezi isanuyi, choncho kufanana kwa miyendo iwiri yofooka si kupambana. Wina akujambuleni pa foni kuchokera kutsogolo. Bondo likamagwera m'kati potera, kapena mukamatera mwendo uli chiwongokere, mamita mwadumphawo alibe ntchito.

Mukadutsa zonsezi, kubwerera kumakhala kwa masitepe. Kukhota komwe mwakonzekera, pa makoni, kenako kukhota motsatira mnzanu mosadziwa komwe alowere. Zokonzekera ndi timu popanda kugundana, kenako zonse kwa milungu ingapo. Masewero oyamba mphindi 15 kapena 20, osati 90. Pa kapeti kapena pa bwalo louma la m'chilimwe valani nsapato za mano aafupi, kuti phazi lisakanirire pansi. Ngati anakusokaninso meniscus, kakhushoni ka pakati pa mafupa a bondo, fiziyo wanu atalikitsa masitepe ena.

Pali mantha. Mukamazengereza kupita pa mpira wolimbirana, muuzeni fiziyo, musabise. Ndipo ngati simunakwane zaka 25, dziwani kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi kapena asanu a msinkhu wanu obwerera m'bwalo amadukanso ACL, ambiri ku bondo linalo. Zolimbitsa thupi zikhale za miyendo yonse iwiri, ngakhale mutabwerera.

Kwa amphunzitsi musapite ndi mawu apakamwa. Pemphani fiziyo alembe manambala a mayesowa ndi tsiku loyesanso, dokotala asainire, mukapereke pepalalo ku timu.