Funsani Amisiri: Wailesi m'kagalimoto ka gofu ndilumikize pati?

FUNSO: Zikomo amisiri. Kwathu ndi ku Nkhotakota koma ndikugwira ntchito kuno ku South Africa, pa esiteti ina ya gofu kufupi ndi George. Ndimasamalira kapinga ndi mapaipi othirira, ndipo tsiku lonse ndimazungulira pa kagalimoto ka gofu ka Club Car, koyendera mabatire. Abwana andilola kuikamo wailesi, nyali ziwiri zakutsogolo poti nyengo yozizira timayamba ntchito kudakali mdima, komanso potchajira foni. Wailesi ndagula kale, ya m'galimoto wamba. Pansi pa mpando pali mabatire 6. Nditagunditsa mawaya pa batire limodzi inangophethira n'kuzima. Mnzanga wina akuti ndilumikize pa mabatire awiri, kwa iye akuti zinayenda. Ndimumvere?

Wowerenga wa ku George

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo musamumvere, ndipo mwachita bwino kufunsa wailesi isanatuluke utsi. Kwezani mpandowo muwerenge tizitsekerero tothirira madzi pamwamba pa batire lililonse. Kachipinda kalikonse ka batire kamapereka ma volt 2, ndiye tizitsekerero 3 ndi batire la ma volt 6, tikakhala 4 ndi la 8, tikakhala 6 ndi la 12. Mmene mwafotokozeramu, anuwo ndi a 8, onse pamodzi 48. Wailesi ya m'galimoto inazolowera ma volt 12 mpaka 14 ndi pang'ono. Pa batire limodzi inapeza 8 okha, n'chifukwa chake inangophethira. Pa awiri ikakumana ndi 16, ndipo akangochoka pa chaja amafika cha m'ma 17. Pamenepo ndalama zanu zapsa.

Kwa mnzanuyo mwina zinayendadi, chifukwa tigalimoto tina, monga ma E-Z-GO akale, ndi ta ma volt 36: mabatire 6 a ma volt 6. Awiri pamenepo amapangadi 12, wailesi n'kumalira bwinobwino. Komabe ngakhale kumeneko ine sindilola, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani.

Mabatire amenewa analumikizidwa mondondozana, ndipo chaja simawaona limodzilimodzi, imangoona gulu lonse. Zili ngati ng'ombe ziwiri pa goli: imodzi muziigwiritsanso ntchito ina madzulo inzake ikupuma, koma msipu muzizipatsa wofanana. Mabatire awiri amene akudyetsa wailesi amafika pa chaja atatsika kuposa anzawo. Chaja ikati yadzaza n'kuzima, iwo amakhala asanakhute, pomwe anayi enawo apitirira muyeso ndipo akuwira n'kumataya madzi. Tsiku lotsatira kusiyanako kumakula. Batire la asidi likamakhalitsa losadzaza, mapuleti a m'kati mwake amamera zinthu zoyera n'kusiya kusunga moto. Pakapita miyezi, kagalimoto kamayamba kufooka pa chitunda chomwe kale kankakwera mosavuta. Choipa china n'chakuti batire latsopano siligwirizana ndi akale, ndiye kawirikawiri amasintha gulu lonse. Tangoganizani kukawauza abwana kuti mabatire 6 afa chifukwa cha nyimbo.

Chimene mukufuna ndi kabokosi kotsitsa mphamvu ya magetsi. M'mashopu a zida za tigalimoto timeneti mukanene kuti mukufuna voltage reducer ya 48 kupita ku 12. Imatenga moto ku gulu lonse, kotero mabatire onse amatsika mofanana. Musagule timeneti tating'ono ta ma amp 5 kapena 10. Tawerengani: wailesi ili ndi fyuzi ya ma amp 10 kumbuyo kwake, nyali ziwiri za LED za ma watt 18 iliyonse zimadya ma amp 3, potchajira foni mwina 2. Mwafika kale pa 15, ndipo ndikukudziwani anthu inu, mawa muzidzafunanso hutala. Gulani ya 20, ndalama zikalola ya 30.

Musanagwire sipanala, zimitsani kiyi ndipo pansi pa mpando mupeze swichi yolembedwa Tow ndi Run. Ikakhalapo, ikani pa Tow, apo ayi mukhoza kupsereza controller, chida cholamulira moto wopita ku mota, chodula kwambiri kuposa wailesi yanu. Kenako masulani waya wamkulu wa negetivi. Vulani wotchi ndi mphete, ndipo chogwirira cha sipanala muchikulunge ndi tepi mpaka pafupi ndi kukamwa. Ma volt 48 samenya munthu ngati magetsi a m'nyumba, koma sipanala ikagwera pakati pa mitu iwiri ya mabatire imafiira nthawi yomweyo, ndipo mabatire amatulutsa mpweya wa hydrogen womwe suchedwa kuphulika. Fodya asayandikire.

Waya wolowa wa reducer apite pa pozitivi yaikulu ya gulu, ndipo muikepo fyuzi ya ma amp 10 pafupi penipeni ndi batirelo, osati kutali uko. Fyuzi imateteza waya, ndiye chigawo chilichonse cha waya chimene chili pakati pa batire ndi fyuzi chilibe mlonda. Negetivi ipite pa negetivi yaikulu. Koma taonani kaye: ma Club Car ambiri akale a 48 ali ndi kakompyuta kotchedwa OBC, komwe waya wamkulu wa negetivi amadutsamo. Kamawerenga moto wotuluka kuti chaja ibweze wokwanira. Ngati kanu kali nako, negetivi ya reducer muitenge kuseri kwake, pa controller pamene palembedwa B-, kuti zomwe wailesi yadya ziwerengedwenso.

Amakanika a galimoto wamba amagwa pa chinthu chimodzi. Anazolowera kuti bodi yonse ndi negetivi, ndiye amangoboola felemu n'kumangirira waya wakuda. M'kagalimoto koyendera mabatire felemu siinalumikizidwe ku negetivi, ndipo anachita dala. Inu mukailumikiza, tsiku lina waya wa 48 akadzakhuzika n'kukhudza chitsulo, shoti yake idzadutsa m'zida zanu kapena mu controller. Chida chilichonse chikhale ndi waya wakewake wakuda wobwerera ku reducer.

Kuchokera ku reducer pitani ku kabokosi ka mafyuzi, ka malo 4 kapena 6, kuti wailesi, nyali ndi potchajira foni chilichonse chikhale ndi fyuzi yake. Waya wa 2.5 mm akwanira pa wailesi ndi nyali, koma wochoka ku reducer kupita ku kabokosiko akhale wa 4 mm. Zopotokola mawaya ndi zala n'kukulunga tepi zisiyeni. Kagalimoto kamagwedezeka ndipo inu mumagwira ntchito pamadzi, ndiye finyirani timalagi ndi pulayala yake n'kuphimba ndi heat shrink, kapaipi kapulasitiki komwe kamafinyika mukakatenthetsa.

Kumbuyo kwa wailesi mupeza mawaya ambiri, koma a moto ndi atatu. Wakuda ndi negetivi. Wofiira ndi woyatsira. Wachikasu amafuna moto nthawi zonse kuti wailesi isaiwale masiteshoni ndi nthawi. Oyera, otuwa, obiriwira ndi apepo ndi a masipika, ndipo wokhala ndi mzere wakuda ndiye negetivi ya sipikayo. Wofiirayo musamutengere ku swichi ya kiyi monga timachitira pa galimoto, chifukwa kiyi wa kagalimoto kanu amadutsitsa ma volt 48. Ku kiyi kumapita kawaya kakang'ono ka reducer, kamene kamaiuza kuti idzuke kapena igone. Vuto lake n'lakuti ikagona, wachikasu uja amasowa moto ndipo m'mawa uliwonse mudzayambiranso kusaka siteshoni. Ena amathawa zimenezi posiya reducer ili yoyaka usiku ndi usana, koma imanyambita moto pang'onopang'ono ngakhale zonse zitazima, ndipo mukapita kutchuthi kumudzi mwezi wathunthu mudzapeza mabatire atatsika. Ine ndimakonda reducer ya mawaya awiri otuluka, wina wodzuka ndi kiyi, wina wa moto wosazima. Funsani imeneyo.

Wailesi mwagula kale, ndiye sindikuuzani za zija za m'maboti zosaopa madzi. Ingoikani m'kabokosi pansi pa denga, kutali ndi mvula ndi mapaipi anu. Bodi ndi yapulasitiki, choncho eriyo wamba sagwira bwino. Pezani wa m'maboti ndipo waya wake asayende limodzi ndi mawaya akuluakulu a mota, apo ayi mukaponda muzimva kulira kwa mota m'masipika. Ndipo mukayandikira anthu amene akukonzekera kumenya mpira, tsitsani voliyumu. Osewera gofu salola ngakhale chifuwa.

FUNSO: Pa loji yomwe ndimagwira ku Mangochi tili ndi ka Yamaha koyendera petulo, konyamulira zikwama za alendo. Nanenso ndigule reducer?

Wowerenga wa ku Mangochi

YANKHO: Ayi bambo, inu muli ndi batire limodzi la ma volt 12 ngati galimoto wamba, ndipo felemu ndi negetivi. Ikani fyuzi pafupi ndi batire, wachikasu pa moto wosazima, wofiira ku kiyi. Chokhacho kumbukirani kuti injini ya kagalimoto kameneka imalira pokhapokha mwaponda, ndipo batire limatchajidwa nthawi yomweyo basi. Mukaima pa geti ola lathunthu kudikira alendo wailesi ikulira, zikwamazo mudzazisenza pamutu.